Zilembo Zitatu Pamwamba pa Bedi la Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 5, pamene amayi anagonekedwa m'chipatala ndi chotupa cha m'mimba. Unali mwezi wa Ramazani, ndipo akuluakulu onse kwathu ku Liwaladzi anali akufunga, osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Abambo anatsala kunyumba ndi ana aang'ono. Okadikirira matenda tinapita awiri, ine ndi azakhali anga a Patuma, alongo awo a abambo. Azakhali ankauza aliyense kuti ananditenga chifukwa ndinali wowerenga. "Kuchipatala n'kwa zolembalemba," ankatero, "kumafunika maso a sukulu." Mawu amenewo ankandikweza mapewa.

Tinakhala masabata atatu tikudikira dokotala wa opaleshoni, amene ankabwera tsiku limodzi lokha pa sabata. Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala okolopera pansi, ndimaona wodi ija: mabedi achitsulo, zitenje zoyanika pamawindo, ndi wotchi yaikulu pamwamba pa chitseko.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni ndinapeza kapepala kamatidwa pakhoma, pamwamba pa mutu wa amayi. Panali zilembo zitatu zazikulu, NPO, ndipo m'munsi mwake analemba 10 a.m. Zam'munsizo ndinazimva, poti kusukulu anatiphunzitsa kuti a.m. ndi m'mawa. Zilembo zitatuzo ndinangoti mwina ndi dzina la dokotala. Kufunsa ndinachita manyazi. Wowerenga wa banja lonse akafunse kwa yani?

Anamwino anali atawafotokozera azakhali zonse dzulo lake, ine ndili kumpope. Koma azakhali sankaona chifukwa chofotokozera mwana zinthu. Anangoti, "Amako lero sadya," nanyamula beseni kukachapa kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala.

Milomo ya amayi inali itang'aluka, yoyera ngati yapakidwa ufa. Anandigwira dzanja.

"Sauda, kukhosi kwandiuma."

"Bwanji osamwa madzi?"

"Akuti ndisadye, ndisamwe."

Sindinafunse kuti wanena ndani. Ndinkawadziwa azakhali ndi kulimbikira kwawo pa chipembedzo, ndiye ndinangotsimikiza kuti akuwafungitsa amayi. Mtima unandipsa. Kumadirasa amwalimu anali atatiphunzitsa momveka kuti wodwala safunga, amadzabweza masikuwo akachira. M'fulasiki munali phala la mpunga limene azakhali anandisungira pa daku, chakudya cha m'bandakucha, poti ine monga mwana ndinkangofunga mpaka masana. Ndinathira m'kapu.

Amayi anakana kawiri. Ine ndinawabwerezera mawu a amwalimu ngati ndikulakatula m'kalasi. Maso awo anali olemera ndi ululu komanso mankhwala, ndipo pamapeto pake anatsegula pakamwa. Anamwa kapu yonse. Ndinawapukuta milomo ndi nsonga ya chitenje, ndikumva kuti ndachita chinthu chachikulu.

Pa bedi loyandikana panali a Nyabanda, mayi wakumpoto amene amuna awo ankadula nzimbe ku Dwangwa. Iwo anali atachitidwa kale opaleshoni sabata yapitayo. Atadzuka anayang'ana kapu, kenako kapepala ka pakhoma, kenako ine.

"Iwe mwana, wawapatsa vichi amama ako?"

"Phala basi."

Anadzikoka n'kukhala tsonga atagwira bala lawo. "Zilembo izo zinali pa bedi langa. Zikuti pakamwa pasadutse kanthu. Akamugoneka munthu tulo ta opaleshoni m'mimba muli chakudya, chimabwerera n'kulowa m'mapapo. Ena sadzukanso. Pita ukauze anesi."

Wotchi inali itadutsa 9 koloko. Ndinaganiza za mbama ya azakhali, za nkhope ya abambo, za masabata atatu aja. Ndinatsuka kapu msangamsanga, fulasiki n'kuikankhira pansi pa bedi. Amayi anali atamva zonse. Anandikokera pafupi n'kunong'ona: "Usanene. Kanali kochepa. Ndatopa nawo ululuwu, angondichita lero lomwe."

Azakhali anabwera ndi zochapa zawo, osadziwa kanthu. Ine ndinaima pawindo ndikuyang'ana mtengo wa mango, koma m'makutu munkangolira mawu aja akuti ena sadzukanso.

Kabedi ka matayala kanafika kakulira tayala limodzi. Pambuyo pake panali bambo wamfupi wovala zobiriwira, amene ntchito yake inali yogoneka odwala tulo.

"Mayi, mwadya kapena kumwa chilichonse chiyambire dzulo usiku?"

"Ngakhale dontho," anayankha azakhali, monyadira ndithu.

Amayi anatseka maso. A Nyabanda anangondiyang'ana osaphethira. Anthu awiri anawanyamula amayi n'kuwagoneka pa kabedi kaja, nawafunditsa nsalu. Mapazi awo okha ndi amene ankaoneka, ang'onoang'ono, osweka zidendene ndi matope a m'dimba la mpunga. Kabedi kanayamba kuyenda. Kanadutsa bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sindikumbukira kuti ndinathamanga. Ndimangokumbukira kuzizira kwa chitsulo m'manja mwanga, nditakagwira pachitseko penipeni.

"Ndawapatsa phala."

Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinachita kubwereza. Bambo uja sanakalipe. Anafunsa kuti nthawi yanji, ndipo lochuluka bwanji. Ndinakatenga kapu ija n'kumuonetsa ndi chala mpaka m'mphepete. Anapuma mozama nati, "Abwezeni pa bedi." Dokotala anali ndi odwala ena pamzere ndipo ankanyamuka masana, choncho amayi anayenera kudikira sabata ina yathunthu.

Azakhali anandikokera panja ndi khutu. Mbama inandipeza pakhonde, anthu akuona. "Wowerenga uja ndi ameneyu," anauza amayi ena amene ankadutsa. Kenako anakhala pansi pasimenti n'kuphimba nkhope ndi mpango, mapewa akunjenjemera. Aka kanali koyamba kuwaona akulira.

Chakumasana bambo wa zobiriwira uja anandipeza pakhonde pomwepo. Anatenga cholembera n'kundilemba padzanja: nil per os.

"Werenga."

Ndinawerenga movutikira. "Si Chingerezi chimene timaphunzira ife."

"Si Chingerezi n'komwe. Ndi Chilatini, chinenero chakalekale. Angerezi anangobwerekako. A.m. yako ija, ndi e.g. ndi etc. za m'makope mwanu, zonse n'zochokera komweko."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?"

"Sukanadziwa. Ukanafunsa." Anabweza cholembera m'thumba. "Koma pachitseko paja wachita bwino. Ukanakhala chete, sindikudziwa kuti bwenzi tikukamba zotani pano."

Sabata imeneyo inali yaitali kuposa masabata atatu oyamba aja. Amayi anakhala masiku awiri osandilankhula, nkhope ataloza kukhoma, ndipo kubuula kwawo kulikonse ndinkadziwa kuti ndawawonjezera ndine. Tsiku litakwananso kapepala kaja kanabwerera pakhoma. Ndinapereka fulasiki kwa a Nyabanda kuti andisungire, ine n'kukhalira manja anga mpaka kabedi kanatuluka. Amayi anabwerako madzulo, ofooka, akusanza malovu okha, koma amoyo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Lero ndili ndi ana awiri, ndipo m'mabuku awo a kuchipatala mumadzaza tizilembo ta mtundu womwewo, b.d., t.d.s., ndi tina. Ndikafika pawindo lolandirira mankhwala sindichoka mpaka andiuze m'Chichewa kuti kangati patsiku, ndipo ndimabwereza kuti amve ngati ndamva. Am'mbuyo pamzere amang'ung'udza, ine ndimangowasiya. Ndinazindikira kuti tsiku lija chimene chinatsala pang'ono kuwapha amayi si umbuli wanga ayi, koma manyazi onena kuti sindikudziwa, pamodzi ndi chifundo chothamanga.

Chaka chatha mwana wanga Yusufu, wa zaka zinayi, anafunika opaleshoni yaing'ono ya pamchombo. Zilembo zitatu zija zinamatidwa pamwamba pa bedi lake. M'mawa wonse ankalira madzi, akundikoka bulauzi, ndipo ndinamva m'thupi momwe dzanja limafunira kupita lokha ku kapu. Amayi, amene tsopano ali ndi imvi, anali pambali panga. Anatenga fulasiki mwakachetechete n'kuikhalira pansi pa chitenje chawo.

"Ndisunge ine," anatero. "M'banja muno muli anthu achifundo."