Malo a Bowa a Alamu Awo a Regina

Aliyense amene anagulapo dzira kusitolo ya kopaletivu m'tauni mwathu akuwadziwa mayi Regina Popko. Ndi aja amakhala kukhomo lakumbuyo kumene alimi amatsitsira katundu, magalasi ali pamphuno, kampeni kali m'thumba. Anatha zaka makumi awiri akuyeza mkaka kufakitale ya tchizi, ndipo atapuma anangosamutsira mphuno yawo kusitoloko. Mphunoyo siona nkhope. Inabwezapo uchi wa bambo mfumu, ndipo Lamlungu lotsatira mwini mphunoyo anakakhala pabenchi lakutsogolo m'tchalitchi ngati sipanachitike kanthu.

Eni sitoloyi ndi mabanja mazana awiri, kotero mabwana nawonso alipo mazana awiri. Lamulo lawo n'lakuti chilichonse cha pashelefu chikhale ndi kakhadi konena amene walima ndi kumene walimako. Olemba makhadiwo ndi a Regina. Bowa wakutchire ndiye salowa popanda dzanja lawo, poti ndi okhawo amene ali ndi chitupa cha ukatswiri wa bowa. Amafuna wathunthu ndi tsinde lomwe, chifukwa wakupha amadziwikira kutsinde. Zoti nkhono ikadyako ndiye kuti ndi wabwino safuna n'kumva komwe.

Chaka chatha munthu wina anamupezerera akuzula bowa pafupi ndi mtaya wakale wa mabatire. Bowa amayamwa chilichonse cha m'nthaka, ndiye msonkhano wa mamembala unagamula kuti a Regina azidziwanso malo amene bowa aliyense wachokera. Kwathu kuno imeneyo si nkhani yaing'ono. Munthu akhoza kukubwereka galimoto, kukuuza matenda ake onse, koma osati malo ake a bowa. Anthu anang'ung'udza kenaka n'kugonja, kupatula a Hieronim, mkulu wawo wa malemu amuna a Regina, a Ludwik.

Mvula ya Seputembala itagwa, a Hieronim anatulukira ndi madengu awiri odzaza, bowa wonenepa wosiririka. A Regina anamutembenuza mmodzimmodzi osapeza chilema.

"Bowa ndi wabwino, alamu. Mwazula kuti?"

"Kunkhalango."

"Nanga ndimati kuchipatala? Nkhalango yake iti?"

"Ya mitengo."

"Ndiye nyamulani madengu anuwo."

"Mayi inu, mwadya bowa wanga zaka zingati? Simunafe. Mwangonenepa basi."

"Ine ndine ine. Uyu akadya ndi ana a eni."

A Hieronim ananyamula madengu awo, ndipo Lamlungu sanabwere kudzadya nkhomaliro kwa a Regina, chinthu chomwe sanaphonyepo chimwalirire mng'ono wawo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Izi zinawapweteka a Regina. Kumbali ya amuna awo, wachibale wotsala anali nkhalamba yamakani yomweyi, ndipo ankaikonda. Ankadziwanso kuti munthuyo sangazule pamalo oipa. Koma kulemba pakhadi zimene sanaone, dzanja linkakana.

Patatha sabata ziwiri a Regina anawalondola kwawo.

"Alamu, kandimverere anakanena za m'maluwa. Njira musandiuze, koma malowo ndikaone ndi maso anga."

A Hieronim anaganiza nthawi yaitali akukanda chibwano. "Chabwino. Koma ndikumangani kumaso."

M'mawa mwake anthu opita kuntchito anaona zachilendo: mayi Regina ali m'kagalimoto kakale ka alamu awo, mpango uli kumaso, chikwama atachigwirira pamiyendo ngati akupita kuukwati. A Hieronim anazungulira pamsika katatu kuti awasokoneze mutu. Ntchito yake inali yachabe. A Regina anamva matayala akudumpha njanji, kenaka atsekwe a kwa Dziemian, kenaka fungo la utuchi wa kochekera matabwa. Anangokhala chete kuti nkhalamba isakhumudwe. Galimoto itasiya msewu n'kuyamba kutsetsereka, anazindikira kuti kutsetsereka kumeneko thupi lawo linkakudziwa.

Atawamasula, anaona mitengo ya paini, kamtsinje, ndi mwala waukulu wong'ambika pakati. Anaima kaye akuuyang'anitsitsa mwalawo. Kenaka anakumbukira chimene anadzera. Anayenda uku ndi uku, anafukula dothi ndi kampeni n'kulinunkhiza, anayang'ana madzi a mumtsinje. Panalibe chitini ngakhale chimodzi, ndipo phokoso la msewu silinkamveka.

"Malo ndi abwino, alamu. Mawa mudzazenso madengu aja mubweretse, ndikulemberani khadi."

A Hieronim anatukumuka. "Malo awa bambo anandionetsa ine ndekha, poti ndine woyamba kubadwa. Palibenso wina anapondapo, kupatula akuba ena ake amene ankandivutitsa kale."

"Oo? Nanga kuseri kwa mwalawo mumafikako? Mukatsika pang'ono, pali pena pamamera wambiri kuposa apa."

Nkhalamba inawayang'ana, kenaka inazungulira mwala uja. Inabwerako patapita kanthawi, chipewa chili m'manja chitadzaza bowa.

"Mwadziwa bwanji?"

"A Ludwik anandibweretsa kuno tisanakwatirane. Ankati bambo anu anawaonetsa iwo okha, poti ndi chitsirizira. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu, makamaka inuyo."

"Ndipo simunanenedi?"

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Chimwalirire iwo sindinabwerenso. Ndekha ndinkaopa kulira."

A Hieronim anakhala pachitsa. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. A Regina nawo anavula magalasi.

"Ndiye akuba aja anangosiya okha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo," anatero a Hieronim chapansipansi. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikutukwana mbala, osadziwa kuti ndikutukwana mng'ono wanga."

"Ndi ine ndemwe, alamu," anatero a Regina akukhala pambali pawo. "Mukuganiza kuti dengu ankanyamula ndani?"