Dengu kumutu kwa Malita

Linali Lamulungu masana, dzuwa lili paliwombo koma losaoneka chifukwa cha chiperoni, pamene Feliya anagamula kuti mmodzi wa ife atuluke m'masewera. Feliya anali mwana wa akapitawo, ndipo dengu limene tinkasewerera linali la kwawo. Ife tinali mapasa, ine ndi Malita, ana a wothyola tiyi wa m'malaini a kumunsi, nyumba za antchito a pa esiteti.

Masewerawo ankayenda chonchi. Mwana mmodzi ankavala dengu lothyolera tiyi kumutu n'kukhala pansi. Enafe tinkapita kuseri kwa nyumba kukagwirizana chinthu choti atchule. Kenako aliyense ankanong'oneza Feliya liwu limodzi lomuthandiza wa m'denguyo. Awiri akanena liwu lofanana, liwulo lafa, ndipo eni ake ankaluma tsamba la tiyi n'kukhala chete. Otsalawo ankanena mawu awo mokweza. Wa m'dengu akalasa, tapambana tonse. Akaphonya, tagwa tonse.

Ine ndi Malita tinatafuna tiyi wamuwisi wambiri chaka chimenecho. Amawawa. Sitinkauzana ayi. Ankatiimika wina uku wina uko, koma liwu linkatuluka limodzimodzi.

"Lero mukafananso, wina azikasewera ndi nkhuku," anatero Feliya.

Chinthu chinali mchere. Ndinadziwa kuti Malita anena ndiwo, choncho ndinathawira kutali, ndinanong'oneza kuti misozi. Feliya anapita kwa Malita, anatchera khutu, n'kubwera ndi masamba awiri. Malita nayenso anali atandithawa, n'kukafika pa misozi pomwepo.

"Sankhani nokha wotuluka," anatero Feliya.

Chibadwire tinali tisanasiyanepo, ngakhale popita kuthengo. Malita analavula tsamba lake. "Iwe Feliya, ndiveke dengulo ine. Ndikaphonya ndituluka."

Feliya anasankha mlatho. Anyamata awiri anati mtsinje, anafa. Atsikana ena anati kuwoloka, anafanso. Linatsala langa lokha. Ndinaima patsogolo pa dengu n'kunena kuti mbuzi.

"Mbuzi? Basi tagwa," anatero mnyamata wina, tsamba lili m'kamwa.

Madzi ankadontha kuchokera padenga la udzu. Kwa Malita tinkangoona mapazi ake ofiira ndi dothi, chala chachikulu chikukumba pansi. Kenako m'dengu munamveka mawu: "Mlatho."

Mbuzi yathu inakanapo kuwoloka mlatho wa m'njira ya ku Masambanjati, ndipo abambo anaibereka pamapewa, iyo ikuyang'ana dziko. Amene tinaona tinali awiri tokha.

Palibe anatuluka. Kuyambira tsikulo mmodzi wa ife ankakhala m'dengu, wina kunja, ndipo sitinkagwa kawirikawiri. Feliya ankauza ana a m'malaini ena kuti nzeruyo inali yake.

Malita anakwatiwa ku Nsabwe, ine ndinatsala kuno. Tinkakumana pamaukwati ndi pamaliro, nthawi zambiri titamanga chitenje chofanana osapangana. Anamwalira dzinja lapitali, tiyi atangoyamba kuphukira.

Adzukulu anga amasewera zangati zomwezi, koma amalemba pamapepala, ndipo wolasa amangotsinzina. Amandiitana, wina n'kumandilembera liwu langa. Poyamba silinkafanana ndi la aliyense, komanso palibe ankalilasa. Ankangoyang'anana, n'kumati, "Agogo, mwamva bwino chinthucho?"

Masiku ano ndimanena liwu lapafupi, kuti lifanane ndi la wina.