Kiyi wa nyumba ya ku Matero

Chaka chimene fakitale yathu inagulitsidwa ndinatuluka pageti ndi kalata imodzi komanso ovololo. Eni ake atsopano anati sanatichotse ntchito, angotimasula. Nyumba ya kampani nayonso inatimasula. Tinasamukira ku Chawama, ine, mkazi wanga ndi ana athu aakazi awiri, m'chipinda chimodzi. Anthu amati ndimawonjezera ndikamafotokoza za chipindacho, koma ndikulumbira pali Mulungu: tikafuna kuyasamula tinkasinthana. Dzuwa likalowa pawindo, mmodzi ankatuluka kuti lipeze malo.

Ine ndinabadwira mu Lusaka, koma bambo anga anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito, ndipo mkazi anakandipezera kwawo komweko. Kumeneko ana ndi a kuchikazi. Tsiku la ukwati apongozi anga aakazi anatuma ankhoswe kudzandiuza kuti: "Mwanayu ndakubwerekani. Ndikadzamva kuti akuvutika, ndidzamutenga pamodzi ndi zidzukulu zanga."

Ndiye chifukwa chake m'makalata opita ku Dedza sitinasamuke ayi. Mlembi ndinali ine. Nyumba inakhalabe ya zipinda zinayi, kenako inamera khonde. M'kalata ina ndinabzala mtengo wa mapeyala, m'kalata yotsatira unabereka.

Yankho linabwera mu Novembala. Apongozi akubwera pa Khirisimasi, masabata awiri, kudzapuma ndi kudzadya mapeyala.

"Abambo, tingowauza zoona," anatero mkazi wanga.

"Zoona tiziika pati, amayi? Muno mulibe malo."

Sanaseke. Tonse tinkadziwa kuti mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi ake, ngakhale kukumana panjira timapatukirana. Ndipo akangoona chipindacho, mawu a ankhoswe aja adzuka.

Masiku amenewo aliyense mu Lusaka anali wabizinesi. Pafupi ndi msika wa m'tauni panali mtengo umene unali ndi makadi ambiri kuposa masamba. Limodzi linati: NYUMBA YA ALENDO KU MATERO, MASABATA AWIRI KAPENA MWEZI, MADZI MKATI, FULUMIRANI. M'munsi mwake anamatapo chithunzi cha nyumba yoyera, kumbuyo kwake kuli mapiri ansonga zoyera. Ndisanamalize kuwerenga, pambali panga panaima bambo wovala tayi, atanyamula chikwama. Anati ndi ejenti.

"Ofesi yanu ili kuti?"

"Mwaimamo, ba bosi."

"Nanga mapiriwa? Ku Matero ndapitako kambiri."

"Yaoneka chabe nthawi yozizila. Koma mufulumile, ba bosi, bantu bambili baifuna. Kuli muzungu wina abwela mawa na ndalama kumanja."

Ine si chitsiru. Ndinamuuza kuti sinditulutsa kanthu ndisanaone nyumbayo ndi maso anga. Anandiyamikira kwambiri, nati anthu anzeru ngati ine atsala ochepa mu Zambia. Nyumba ndikaione, koma Lachitatu lokha, leveni koloko, osafulumira, osachedwa.

Lachitatu tinafika. Mapiri kunalibe, koma nyumba inalipo, ya njerwa, yamalata abwino. Panja, pansi pa tenti, panali masofa, tebulo ndi kabati.

"Ni katundu wa ba tenanti bakale," anatero ejenti. "Bayembekeza lole."

Kutsogolo kwa tenti kunali mulu wa phulusa ndi zitsa zikuluzikulu zopsa theka.

"Tatentha vinyalala, kukonzela imwe."

Kuseri kunali azimayi angapo, mitu yomanga ndi mipango, atazungulira miphika yaikulu moti mwana akhoza kuphunziriramo kusambira. Ankalankhula chapansipansi.

"Nabalemba kuti basuke nyumba."

Atatero, ejenti anaika manja kumbuyo, nawerama, nawapatsa moni motsitsa mawu. Nanenso ndinawerama. M'nyumba munalibe mpando ndi umodzi womwe, mphasa zokhazokha ndi zitenje zopinda m'mbali mwa khoma. Ndinayeza chipinda chochezera ndi mapazi, kupita ndi kubwera. Ndinatsegula mpopi, madzi anatuluka. Ndinagogoda makoma monga ndinaonera anthu olemera akuchitira. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nalavula pansi. Mumtima ndinati antchito a masiku ano alibe mwambo.

Ejenti ankangoyang'ana wotchi ndi msewu. Tinamalizira nkhani kunja kwa geti, mofulumira. Ndalama zinali za makina osokera a mkazi wanga, omwe ankatidyetsa chichokereni ntchito. Tsiku limene wogula anabwera, mkazi wanga anangowapukuta ndi chitenje chake. Ejenti anandipatsa lisiti yachidindo ndi kiyi mmodzi wonyezimira. Tikukwera msewu, inatidutsa lole yodzaza anthu oimba nyimbo za m'tchalitchi.

"Mwaona?" anatero. "Matero ni malo ya bantu bopemphela."

Lachisanu masana apongozi anatsika basi ya ku Chipata ndi thumba la mtedza. Ndinachita hayala galimoto yapikapu. Iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi ana, kiyi ali m'manja. Mwana wamkulu anafunsa ngati adzakhala ndi bedi lakelake. Ndinati awiri.

Pageti ndinaona kuti tenti ija ikadalipo, ndipo pamasofa pakhala azibambo. Apongozi anatsika, nayang'ana phulusa lija kamodzi kokha. Sanafunse aliyense. Anamanga chitenje, nakonza mpango, nalowa pakhomo chogwada, akulira mokweza monga amachitira munthu wofika pamaliro. M'nyumba azimayi anawalandira ndi kulira. Mkazi wanga anandiyang'ana, kenako anatsatira mayi ake.

Zaka zimenezo tinkaika maliro sabata iliyonse. Ine ndemwe ndinatulutsapo masofa m'nyumba za anzanga kuti azimayi apeze pokhala. Zitsa zoterozo ndinazisenzapo, moto wake ndinauwothapo mpaka nsidze kupsa. Mayi wa ku Dedza, amene Lusaka anali asanaiwonepo, anawerenga bwalo lija asanatseke chitseko cha galimoto. Ine ndinalizungulira lonse ndi maso awiri, n'kungoona nyumba ya alendo.

Bambo wina wamtali anadzuka pasofa, akundiloza. Anali mlongo wake wa mayi wa m'nyumbamo, amene anafedwa mwamuna.

"Ni uyu! Wamene anabwela kupima nyumba ife tili kumanda! Mulamu wathu akalibe kuzizila, imwe mwayamba kale kupima?"

Ankaganiza kuti ndine wachibale wa malemu, wobwera kudzalanda nyumba kwa mkazi wamasiye. Azibambo aja anandizungulira. Ndinatulutsa lisiti. Inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika kwa mkulu wina wamagalasi, amene anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wa tayi? Wa chikwama?"

"Yemweyo, bambo."

"Aa, uja. Tinali naye pano masiku atatu. Amaimba besi yabwino kwabasi. Ndiye anafunsa nthawi ya kumanda, ati akonze lole." Anandibwezera lisiti. "Musadandaule, mwana wanga. Ndinu wachitatu. Wina anabwera dzulo ndi matiresi pamutu."

Akanandimenya zikanakhala bwino. M'malo mwake anandisunthira malo pasofa, nandipatsa madzi osamba m'manja. Ndinadya chakudya cha pamaliro a munthu amene dzina lake sindinalidziwe, kiyi wa nyumba yake ali m'thumba. Ndinapempha kuti ndingomuyesa pachitseko. Sanalowe n'komwe.

Apongozi anagona m'nyumba imeneyo masiku awiri, pambali pa mayi wofedwayo, pakuti wolira maliro sapirikitsidwa. Kotero sindinganene kuti anandibera zonse. Mlendo wanga anagonadi m'nyumba imene ndinalipira, madzi mkati. Mtedza uja anaupereka chipepeso. Ndipo pamphasa paja, azimayi ali okhaokha, mkazi wanga anauza mayi ake za fakitale, za makalata, za makina.

Lamulungu apongozi anatuma mkazi wanga kudzanena kuti akufuna kuona mtengo wa mapeyala. Tinakwera minibasi ya ku Chawama. Mvula inali itagwa, tinadumpha zithaphwi mpaka pakhomo. Apongozi anaima, nasuzumira m'kati. Sanalowe. Sanakalipenso. Anatembenukira kumbali monga mwa mwambo, nalankhula ndi mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Uwauze bambo a kunowa kuti ana akapume kumudzi pang'ono. Iwenso watopa. Akadzapeza nyumba ija ya m'makalata, adzabwere kudzakutengani."

Ndinawaperekeza kubasi Lachiwiri. Wamng'ono anandifunsa ngati kumudzi kuli mabedi awiri. Ndinati akandilembere.

Pobwerera ndinadzera pamtengo uja. Khadi la ku Matero linali litachoka. Pamsomali womwewo panali lina, la nyumba ya alendo ku Mtendere. Mapiri aja anali atasamukira kumeneko. Ndinadikira mpaka miyendo kuwawa, wa tayi sanabwere. Kupolisi anandifunsa dzina lake ndi kumene amakhala. Ndinati amaimba besi.

Mpaka lero anthu a mu komboni akafuna nyumba ya alendo awo amabwera kwa ine, ati ndine katswiri. Ndimawauza kuti munthu amene ofesi yake ndi mthunzi, amene akusankhirani ola loonera nyumba, amene ali ndi mzungu wobwera mawa, mumusiye apite ndi mzungu wakeyo. Funsani anthu oyandikana nayo nyumbayo kuti mwini wake ndani. Yesani kiyi pachitseko ndalama zikadali m'sokosi. Ndipo yang'anani phulusa. Amagwedeza mitu, nandithokoza, kenako amapita kukalipira, chifukwa naonso ali ndi apongozi amene ali m'njira.

Nyumba ya m'makalata sindinaipeze. Ntchito yeniyeni sinabwerenso. Makalata a ku Dedza ankabwera mwezi uliwonse, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako ndinamva kwa munthu wa pabasi kuti mwana wamkulu uja anakwatiwa. Kiyi ndikadali naye. Ndamuyesa pa zitseko zonse za Chawama, eni ake akuona, ndikulumbira, ndipo palibe chimene chinatseguka.

Koma chipinda chija chinakula. Tsopano ndimayasamula nthawi iliyonse imene ndafuna. Dzuwa limalowa pawindo m'mawa, n'kukhala tsiku lonse, popanda wolipatsa malo.