Mmene a Fakiri anasiyira khoka n'kugwira keni

A Fakiri ndi bambo wachikulire wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Ndi aafupi, otambalala pachifuwa, ndipo amayankhula mokweza ngakhale uli nawo pafupi, poti moyo wawo wonse akhala akuitana anzawo pamadzi mphepo ikuwomba. Anayamba kukoka khoka ndevu zisanamere. Chimene chinawatulutsa m'nyanja ndi phewa la kumanja. Linayamba kuwawa, kenako n'kukaniratu, ndipo kuchipatala anawauza kuti chingwe cha khoka asachigwirenso. Anakhala pakhonde miyezi ingapo, ntchito yawo ili yokalipira nkhuku ndi kufunsa aliyense wochokera kugombe ngati usipa waphedwa.

Akazi awo ndi amayi Sharifa, koma tonse timawatchula amake Jamali. Iwowa ali ndi dimba m'mbali mwa Bua limene anasiyiridwa ndi amayi awo. Dimba lathu linagundizana nalo, pakati pali mzere wa nthochi, ndiye zambiri ndinaziona ndekha ndikuthirira repu wa kwathu. Amayi anga amati kale m'dimba limenelo munkakhala chimanga chachiwisi, maungu ndi mbatata, zinthu monga repu ndi tchayinizi zisanafale kuno. Koma amake Jamali amakazinga mandasi n'kukagulitsa kusukulu, ndipo mwini dimba atamwalira malowo anangomera udzu ndi bango.

Mchimwene wa amake Jamali, a Hussein, ndiwo mwini mbumba. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti malo achinyontho ngati amenewo sangamangogona, mphwawo wina akufuna kubzalapo mzimbe wokagulitsa kumsewu. Amake Jamali anadandaula kuti ndi pamene amayi awo anasiya thukuta. A Hussein anawapatsa nyengo imodzi ya mwera: akadzafika n'kupeza palibe chooneka, dimba lipita kwa mphwawoyo.

A Fakiri anamva zonsezi ali pamkeka, n'kunena kuti dimbalo aliyendetsa iwo. Akazi awo anaseka. Iwo sanaseke.

“Nsomba zimathawa koma ndinkazigwira,” anatero. “Nanga masamba oima malo amodzi angandivute?”

Anayamba ndi kusenga udzu, chikwanje chili kumanzere. Bango la kumunsi linawakanika, analisiya. Mabedi awo anatuluka aatali, osongoka kunsonga ngati mabwato, ndipo amayi anga atawauza kuti bedi limakhala la ngodya zinayi, anayankha kuti mbewu sidziwa ngodya. Mpanda anamanga ndi maukonde akale, osokedwa bwino moti mbuzi zinkangozungulira n'kubwerera. Za nazale anafunsa kwa amayi anga, ndipo anamvera bwinobwino: kufesa mosathithikana, kuphimba ndi udzu, kuwokera dzuwa litapendeka. Chimodzi chokha sanasiye. M'mawa uliwonse asanatunge madzi ankayamba aima n'kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ngati keni yothirira ingagubuduzike ndi mafunde.

Nthaka inali itapuma zaka zambiri, ndiye mpiru unakula modabwitsa, masamba otambalala ngati a fodya. Anthu opita kumtsinje anayamba kuima pampanda. Apa ndi pamene khalidwe la kugombe linatulukira. Kugombe kwathu, khoka likamatuluka, aliyense amene wagwirako chingwe amapita ndi ndiwo, kaya ndi mlendo, kaya wangogwira kumapeto. A Fakiri anabwera nalo lamulo limeneli kudimba. Wowanyamulira keni imodzi kuchokera pachitsime, wozulako udzu, ngakhale wongoima n'kupereka malangizo, ankamuuza kuti asadzasowe tsiku lokolola. Anthu othandiza anachuluka ndithu.

Tsikulo linafika mu Julaye, amake Jamali ali kusukulu ndi mandasi, amayi anga ali kumaliro ku Dwambazi. Ine ndinafika kudimba dzuwa litakwera n'kupeza anthu ali piringupiringu pansi pa mtengo wa mango. Mabedi onse anali mbee. A Fakiri anali atazula mpiru wonse ndi mizu yomwe, kuyambira kunsonga ina mpaka ina, n'kuunjika pamodzi. Tsopano ankaugawa milumilu, akuitana mayina mokweza, nkhope ili yowala ngati tsiku la Idi. Amayi ena ankayang'anana, koma munthu akamakupatsa ndiwo sumufunsa kuti wazikolola bwanji. Nanenso anandiitana kuti mwana wa a Betty adzatengere amayi ake, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Amake Jamali anafika anthu akubalalika. Anatula beseni, n'kuyang'ana mabedi, n'kukhala pansi pomwepo.

“Bambo a Jamali, mpiru uli kuti?”

“Takolola. Wanu ndi uwo, ndakusungirani mulu waukulu.”

“Mpiru sazula. Amathyola masamba a m'munsi, mtengo n'kuusiya kuti uphukire ena. Tikanadya mpaka mwera kutha.”

A Fakiri anafunsa chifukwa chake panalibe wowauza.

“Zaka zonsezi mwakhala mukudya mpiru m'nyumba mwanga. Munaonamo muzu m'mbale?”

Iwo anayankha motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wawo, kuti khoka likafika kumtunda sasiyamo nsomba zoti adzatenge mawa. Amake Jamali anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi, chifukwa a Hussein anali atatumiza kale uthenga kuti abwera Lachisanu likudzalo akatuluka kumzikiti.

Madzulo ake amake Jamali anaganiza zoyenda m'makomo kukatolera mpiru umene unali usanaphikidwe, kuti aubzalenso, mwina ungaime mpaka Lachisanu. A Fakiri anakana. Anati ndiwo ukapereka sulanda, ndiponso alamu awo sangawanamize ndi mitengo yozika. Amayi anga atabwerako kumaliro anaseka mpaka kugwira nthochi, kenako anapita ku nazale yathu n'kuzula mbande za repu zodzaza lichero. A Fakiri anawokera madzulo omwewo, n'kuzimangira timithunzi ta masamba a nthochi. Koma mbande yongowokera kumene imagona ngati yakomoka, ndipo pofika Lachisanu dimba linkaonekabe ngati mutu wometedwa.

A Hussein anafika atavala mkanjo woyera, ataukwinyira m'mwamba kuopa matope. Ndi munthu wosafulumira kuyankhula. Anapereka salamu, n'kuyenda m'mbali mwa mabedi manja ali kumbuyo. Anasuzumira m'chitsime, anagwedeza mpanda, anatapa dothi n'kulifinya m'manja. Amake Jamali anaima patali atagwira chibwano. Ine ndinali kuseri kwa nthochi, ndikuthirira bedi limene ndinali nditalithirira kale.

“Alamu,” anatero a Hussein, “ndinamva kuti kuno kuli mpiru wofika m'mawondo.”

“Unalipo, alamu.”

“Nanga uli kuti?”

“Uli m'mimba mwa anthu. Wina munadya inu Lachitatu, wotendera.”

Zinali zoona. Akazi a a Hussein anadutsa tsiku lina akuchokera kochapa n'kunyamulako keni, ndiye nawonso analandira mulu wawo. A Hussein anakanda ndevu n'kuvomera kuti unali wokoma, koma anati iwo sanabwere kudzaweruza za m'mimba. Chimene maso awo akuona ndi mpanda wabwino wotchinga dothi. Mphwawo uja analonjezedwa, ndipo akudikira yankho.

A Fakiri sanadzikanire. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, mlongo wawoyo asalangidwe chifukwa chokwatiwa ndi mlovi wodziwa za nsomba zokha. Anapempha kuti ngati dimba likupita, awalole kaye repuyo akule, popeza mbande zake n'zopatsidwa ndipo n'zamanyazi kuzisiya zife.

A Hussein anayendanso mpaka kumunsi kumene kunatsala bango, n'kuima kumeneko nthawi yaitali. Pobwerako anagamula kuti mbali ya bangoyo ipite kwa mphwawo, poti mzimbe umakonda madzi ndipo mnyamatayo ali ndi mapewa onse awiri. Kumtunda kwa mabedi kukhale kwa mlongo wawo monga kale. Koma anaikapo lamulo.

“Alamu azilima, azithirira. Kukolola n'kwa mlongo wanga. Inu mukaona masamba akula, manja m'thumba.”

Amake Jamali anagwada n'kuthokoza. A Fakiri anathokozanso, komabe anali ndi pempho lina. Anati anthu owathandiza sangawabweze chimanjamanja, ndiye awapatse bedi limodzi lakumapeto likhale lawolawo, loti azigawa mmene afunira. A Hussein anayang'ana mlongo wawo, mlongo wawo anayang'ana kumwamba, ndipo bedilo linaperekedwa.

Papita nyengo zingapo tsopano. M'dimbamo muli repu, tomato womangirira kumitengo, therere ndi mpiru womwe. Amake Jamali amathyola m'mawa, ena n'kupita nawo kusukulu pamodzi ndi mandasi, aphunzitsi amagula. A Fakiri ndi mnyamata wa mzimbe uja amakangana za mthunzi pafupifupi sabata iliyonse, kenako n'kukhala pansi kutafuna mzimbe womwewo. Phewa likadali lowawa kukazizira, koma pakhonde sakhalaponso.

Za bedi lawo lija anavutika nazo poyamba, poti kuthyola tsamba limodzilimodzi kumawatopetsa mtima. Tsiku lina anaitana amayi anga pampanda n'kufunsa, monong'ona, kunong'ona kwawo kuja kumene mudzi wonse umamva, ngati pali mbewu ina imene munthu amaloledwa kuzula yonse tsiku limodzi. Amayi anga anati anyezi. Chaka chimenecho bedi lonse anabzala anyezi yekhayekha, ndipo mpaka lero sanasinthe. Akakhwima amaitana anthu awo, n'kuzula kuyambira kunsonga ina mpaka ina, amake Jamali ataima m'malire mwa bedilo kutchinga mpiru wawo.