Kandege ka a Klaus

Mundikhululukire polemba izi, pakuti sukulu yanga yoyamba inali ya pansi pa mtengo ku Ntchisi, ndipo za zombo ndi ndege si ine woyenera kuzikamba. Koma ndikangomva fungo la guluu ndi penti, mtima umabwerera ku Handsworth, ku Ulaya, m'nyengo yozizira ya chaka chimene amayi anadzanditenga kuchokera kumudzi. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali nesi, ndipo akachokera ku naiti ankagona mpaka masana. Loweruka ndinkalera mlongo wanga Dalitso, wa zaka zinayi, wobadwira konko, amene ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi.

Fungolo linkachokera m'shedi ya a Klaus, Mjeremani wa imvi wa nyumba yogundana ndi yathu. Ankakhala okha ndipo ankakonda ana a eni. Kwathu munthu wotere ankatiletsa kumuyandikira, ngakhale kulandira chakudya m'manja mwake. Ndikasuzumira pampanda ndinkaona tizombo tamatabwa titandandalikidwa: ka katundu, ka mizinga, kena ka matanga oyera. Amayi anati bambo awo a Klaus ankalumikiza zitsulo pafakitale ya zombo ku Hamburg, imene pambuyo pake inayambanso kupanga ndege zotera pamadzi, ndipo mwana wawoyo ankasema zimene bambo ake anagwirapo.

Zombo sizinandivute. Chinandiopsa ndi kandege kamene anayamba kusema masamba atayoyoka, ka mimba ngati bwato ndi mainjini asanu ndi imodzi. Ndili Sitandade 3 ndinaonapo ndege ya afiti imene anati yagwa kuseri kwa chigayo, kanthu kansungwi ndi mikanda. Akuluakulu anati masana imachepa choncho, koma ikanyamuka imanyamula ana. Tsono a Klaus ankakakweza m'mwamba n'kumalira ngati injini, Dalitso akuombera m'manja. Ine ndinkapereka moni waulemu, kwinaku nditamugwira kolimba jekete.

Khirisimasi itadutsa a Klaus anabwera nako pakhomo, atakapenta motuwa. Pambali pake analembapo ndi tizilembo toyera: DALITSO. Amayi anathokoza n'kukaika pawindo la kuchipinda kwathu. Sabata yomweyo mwanayo anayamba chifuwa. Ndinayesa kuthira kandegeko mchere, chifuwa osasintha.

Loweruka lina m'mawa, amayi ali mtulo, ndinakakulunga m'chitenje, n'kumutenga Dalitso kupita kudziwe la mupaki. Ndinakaponya kuti kamire. Kanatera bwinobwino n'kuyamba kuyandama, mphuno ili kwa ife. Ndinatola miyala n'kukagenda mpaka phiko linathyoka, madzi n'kulowa. Dalitso analira njira yonse, ndipo pofika kunyumba anaulula zonse.

"Iwe Tamanda, takubweretsa ku Ulaya kuti udzagende ndege za anthu?" anatero amayi. "Vala nsapato. Ukanene wekha."

M'shedimo ndinagwada pautuchi. A Klaus anadabwa, nafunsa ngati ndapweteka bondo. Amayi, amene anandiperekeza, ndiwo anafotokoza m'Chingerezi za ndege za afiti, akusekerera mwamanyazi. Mkuluyo sanaseke. Anatsitsa chithunzi cha bambo awo atavala ovolosi, ataima pansi pa phiko lalitali kuposa nyumba yathu.

"Mwanayu sanalakwe kwenikweni," anatero pang'onopang'ono. "Yeniyeniyo inkanyamuladi ana a anthu kupita nawo kunkhondo. Ndipo ena mwa amene ankagwira ntchito pafakitalepo anachita kugwidwa m'mayiko mwawo. Bambo anga sankazikamba."

Za miyezi itatu imene anathera pa kandegeko sanatchule. Anatsegula chitini cha keke ya maapozi n'kundilozera. Ndinati zikomo, ndakhuta.

Chifuwa cha Dalitso chinatha patapita masiku anayi, ndipo ine ndinali wotsimikiza kuti ndamupulumutsa. Amayi ankati ndi mankhwala a kufamase. A Klaus sanasemenso ndege. Anayamba chombo cha katundu, ndipo amayi anandilamula kumapita kukawagwirira matabwa guluu akamauma. Ndinkapita, koma ndinkaima pafupi ndi chitseko, ndipo Loweruka lililonse chitini chija chinkatsekulidwa n'kutsekedwa ndisanatolemo kanthu.

Ndili mwana ndinkayesa kuti mkulu uja akubisa ufiti. Lero ndikuona kuti anali mwana wofuna kukonda bambo ake popanda kunama za zimene manja awo anapanga. Nthawi imeneyo sindinazimvetse. Ndinangoona tsiku lina kuti potsekula chitini sanandiyang'anenso, ngati munthu amene wazolowera kukanidwa, ndipo manyazi anandigwira kuposa mantha. Ndinatola chidutswa ndi manja awiri n'kudya pamaso pawo. Linali Loweruka, pa 12 Malichi 2005.