Njoka Zadongo za Ababa

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko kunali kudzuka, poti ndinangotsamira khoma m'nyumba ya siwa. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana pamphasa. Bokosi la ababa linali pakati, koloboyi akuthima kumutu, mvula ikugwabe pamalata. Ndinapapasa m'chiuno momwe ndinamangirira kanthu kaja m'kansalu, ndipo kanalipo.

Kanali kachifanizo kadongo, kotalika ngati chikhatho: mayi wovala siketi yaitali, manja ali m'mwamba, dzanja lililonse litagwira njoka. Ababa anakaumba okha. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, ndipo poti buku linali limodzi kalasi yonse, anakatapa dongo kudambo, n'kutengera chithunzi cha m'bukumo, n'kukawotcha monga amayi awo ankawotchera mbiya. Ankati chenichenicho chinafukulidwa pachilumba cha Krete, kunyanja yaikulu ya pakati pa Ulaya ndi Afirika, pansi pa nyumba yachifumu imene inagwa kalekale Yesu asanabadwe. Anthu akumeneko njoka sankaiona ngati ife. Inali mlonda wa nyumba, ndipo poti imafundula khungu, ankaiyesa chizindikiro cha kuchira. Ngakhale njoka yokulunga ndodo imene timaiona pa ambulansi, ankatero ababa, inachokera kunyanja komweko. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka makutu kuwawa, ndi pachakudya pomwe.

Ali gone kuchipatala anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndidzawaikire kachifanizoko m'bokosi. Anaseka, nati ofukula zakale amamudziwa munthu ndi zimene anaikidwa nazo, ndiye akadzafika ku Phalombe adzadziwe kuti pano panagona mphunzitsi. Ndinavomera. Ndine mwana wawo woyamba, ndipo ndinkayesa kuti zimenezo n'zokwanira.

Kutacha, azimayi kuseri ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolo, maso ali psu. Anthu ankafika wapansi ndi panjinga, ena kuchokera ku Nazombe, matope mpaka m'mawondo, atafunda mapulasitiki ndi masamba a nthochi. Azimayi anavala zitenje za zipani zosiyana, zomwe zinali zitangoyamba kumene zaka zimenezo, koma anakhala pamphasa imodzi. Ndinaona kuti aliyense akafika ankayamba wayang'ana ku Michesi asanapereke moni. Phiri linali litabisala mumtambo wakuda. Mudzi wathu unataya anthu chaka chimene Napolo anatsika, njoka ija imene amati ikamasamuka m'phiri imagumula miyala ndi madzi, ndiye mvula yosalekeza kwathu sitiigonera tulo.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinadikira kuti mzere uthe. Ndinagwada pambali pa bokosi ngati ndikuwakonza kolala, ndikumasula kansalu kaja. Azakhali, mlongo wawo wa ababa, anandigwira pamkono. Iwo ndiwo anali eni maliro, poti kwathu munthu amaikidwa ndi akuchikazi kwawo, ana timangokhala olira. Kansalu kanatseguka, timitu ta njoka tinaonekera. Mayi wina anakuwa, nyimbo inaduka, ndipo amene anali pafupi ndi khomo anathithikana potuluka.

Nkhani inathamanga kuposa ine. Pofika kwa azibambo pansi pa mtengo wa mango, njokayo inali yamoyo, inkagona m'sutikesi ya aphunzitsi, inkadya mazira. Wina anakumbutsa anzake kuti Napolo podutsa anagwetsa nyumba za mbali zonse, koma yathu anaisiya. Azakhali sanausiye mkono wanga. Mwana wawo wamkazi anapita ndi madzi tsiku lija, ndipo sanapezeke mpaka lero.

Mkulu wa mpingo analowa atavula chipewa.

"Mayi, chinthu ichi chikalowa m'bokosimu, ife tinyamula mabuku athu tizipita. Nyimbo palibe, pemphero palibe. Adzukulunso atumiza mawu kuti salitsitsa."

Ndinafotokoza zonse. Ndinatchula Krete yemweyo amene amamuwerenga m'Baibulo, ndinatchula ambulansi, ndinati ndi dongo la kudambo kwathu konkuno. Mawu anga ankamveka ngati a mwana wonama, ngakhale m'makutu mwanga.

"Ine ndamva," anatero mkuluyo, "koma anthu ali panjawa awauza ndani?"

Pakhomo panaima bambo wina wa jekete amene anaphunzira kwa ababa. Ndikudziwa kuti kachifanizoko anakagwirapo m'kalasi, ndipo panjapo analipo enanso ambiri. Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ana nsapato zake. Ndinakwiya, koma mkwiyo wa mwana wamasiye ulibe poponda.

Kenako amayi anga anandikoka chitenje.

"Felista, mwana wanga, bambo ako apite ndi nyimbo. Ndakupempha."

Ndinatambasula dzanja. Azakhali anakapana ndi timitengo tiwiri ngati khoswe wakufa, natuluka nako kuseri. Ndinamva kakusweka pafuwa, ndipo zidutswa anaziponya pamoto pomwe pankaphikidwa nandolo. Bokosi linakhomedwa, nyimbo inayambanso.

Njira ya kumanda inali yoterera. Bokosi linkachoka paphewa kupita paphewa, onyamula akuyenda chopapasa, ife m'mbuyo titagwirana. M'dzenje munali mutalowa madzi, ndipo tinaima pamvula adzukulu akukapa ndi ndowa. Wowerenga mbiri anathamangitsa mawu, maso ali kuphiri. Anati malemu anali mphunzitsi, koma za chimene ankaphunzitsa sanatchule. Anandiitana, ndipo ndinaika nkhata pamanda. Ndinalira kwambiri, osati chifukwa cha imfa yokha. Munthu anandipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anatsikira m'dothi ndi suti basi.

Pobwerera anthu sanakhalitse. Ambiri anasamba m'manja n'kukwera njinga osadya, ndipo nandolo wa pamoto uja palibe anamukhudza. Ena potsanzika ankandipatsa nsonga za zala zokha.

Madzulo mvula inaleka. Amayi anagona atayang'ana kukhoma, azakhali anapita kunyumba kwawo osalawira. M'nyumba munatsala mphasa zonyowa ndi fungo la parafini, mpando wa ababa uli panja pomwe anausiya ena. Ndinapita kuseri n'kuyamba kufukula phulusa ndi kamtengo. Ndinapeza mkono umodzi, wakuda ndi mwaye, njoka yake ili m'dzanja yosathyoka. Ababa ankanena kuti dongo lowotcha moto sulimaliza, n'chifukwa chake za ku Krete zinafika mpaka kwa ife.

Kumanda munthu sulowa wekha, ndipo palibe akanandilola. Ndinakumba ndi mpeni pakona pa khonde, pomwe ankakhala pochonga ntchito za ana, n'kukwirira kamkonoko. Ndinakhala pompo mpaka kunada, m'nyumba muli zii. Ofukula aja akadzafika ku Phalombe adzapeza njoka pakhonde, mphunzitsi kumanda, ndipo sipadzakhala wowauza kuti zinali za munthu mmodzi.