Dzina langa ndinalifufuta ndekha

Ntchito yotaipa ndinaipeza chifukwa cha Chiyao cha malemu amayi anga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, kompyuta ndinali ndisanaigwirepo. Koma atalengeza kutchalitchi kuti pakufunika anthu omva Chichewa ndi Chiyao chomwe, akazi awo a akatekisiti anandiloza ndi mlomo ine ndili chete kumbuyo, mwana ali pamsana. Kukana pagulu sindikanatha. Kuvomera pagulu sindikanathanso, choncho anandivomerera ndi iwowo.

Tinkagwirira m'kachipinda ka pasukulu ya pulaimale ku Nkhudzi, momwe kale ankasungiramo mabuku. Padenga anaikapo sola, patebulo malaputopu. Wotiyang'anira anali mphunzitsi wamayi wochokera ku Dedza. Tinkangowatchula kuti amadamu.

Ntchito yake inali yotere. Anthu ena anayenda m'midzi ya kunyanja kuno kujambula mawu a anthu akucheza, atawapempha kaye, ndipo mawuwo anawaika pa intaneti. Ife tinkatsegula tsamba lake n'kuvala mahedifoni. Pamwamba pa sikirini pamakhala mzere wokwera ndi kutsika, ndiwo mawu a munthuyo, ndipo pansi pake ndi polemba. Ukadina batani, amayankhula. Ukadina lina, amaima. Ukhoza kumubweza m'mbuyo, ukhoza kumuchedwetsa kuti azikoka mawu ngati woledzera. Sabata yoyamba ndinkaimitsa nkhalamba ina ya ku Malindi popanda chifukwa, ndikusekera m'chitenje. Chibadwire ndinali ndisanadulepo munthu wamkulu pakamwa.

Ukamaliza kulemba, umaika zizindikiro. Mawu a Chiyao umawapaka chikasu. Wina akaseka, akatsokomola, kapena tambala akalira, umaika chizindikiro chake. Chiganizo chilichonse umachisankhira mtundu pa kabokosi kam'mbali, kaya ndi funso, dandaulo, lamulo kapena kungofotokoza. Oyankhula tinkawalemba kuti Mayi Woyamba, Mayi Wachiwiri. Dzina la munthu likatchulidwa, umaika mawu akuti DZINA m'malo mwake.

Amadamu anatipatsa malamulo awiri. Zimene wamva m'mahedifoni zimathera pakhomo la kachipindako. Ndipo ukazindikira mawu a munthu amene ukumudziwa, udine batani lobweza, fayiloyo ipite kwa mnzako wotsatira.

Wotsatira wanga anali mayi wina wonenepa, akazi a mwini bwato limene amuna anga amakwera. Anali wansangala, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

"Amake mwana, mukutaipa kapena mukutola nsabwe?" ankatero akaona ndikusaka chilembo ndi chala chimodzi. "Gundani, sichiluma chimenecho."

Ine ndinakwatiwa chitengwa, ndimakhala kwawo kwa amuna anga. Iwo ndi alovi, asodzi okwera bwato la eni, ndipo nthawi imeneyo anali atatsata usipa kutsidya, ku Makanjira. Ndikapita kuntchito, mwana wanga wamkazi ndinkawasiyira apongozi anga, amayi awo a amunawo. Ankakhala naye kumathandala, komwe amayanika usipa. Mwanayo anali atangoyamba kuyenda, akuyamwabe. Apongozi sanandikalipirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ankandiyankhula mwaulemu, "Apongozi mwaswera bwanji," ine n'kugwada n'kuyankha, basi nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa, kunja kukutentha kale, ndinatsegula fayilo yatsopano. Kunamveka mphepo, akhwangwala, ndi kuphwaphwatika kwa usipa akautembenuza pathandala. Kenako mwana analira. Mabere anga anamudziwa ine ndisanamudziwe, bulauzi inanyowa. Ndiye kunamveka mawu a apongozi akumutonthoza.

Chala changa chinapita pa batani lobweza, monga mwa lamulo. Ndisanadine, mayi wina m'fayilomo anafunsa kuti, "Amake ali kuti uyu?"

"Ali kumakompyuta," anatero apongozi. Ananditchula dzina langa lenileni, la paubwana, limene sananditchulepo pamaso. "Akangosiya bere uyu, azakhali ake abwera kudzamutenga. Akamuiwalitse ku Chowe."

"Masiku angati?"

"Masiku? Azikhala konko. Mwana wanga uja m'nyumba mwake muli zii, chaka ndi chaka. Mpongozi wangayu abereka wina, ndi wamng'ono."

Kupititsa mwana kwa achibale kuti akaiwale bere ndi zochitika kwathu kuno, palibe amene angadabwe. Amapita, akaiwala amabwera. Koma awa ankanena zina. Mlamu wangayo, mchemwali wa amuna anga, anakwatiwa ndi mphunzitsi ku Chowe, ndipo mphatso ya mwana sanaione.

Mayi uja anafunsanso, "Mwamuuza mwini wake?"

Pasikirini mzere uja unagona fulati. Kenako apongozi anati, "Sayankhula amene uja. Akanakhala wokana tikanamumva."

Ndinaimitsa. Kumanja kwanga akazi a mwini bwato ankatafuna chinangwa, akugwedeza mutu ndi zimene ankamva m'fayilo yawo. Ndikanadina batani lija, nkhani yanga ikanagwera m'makutu mwawo, ndipo pofika masana ikanakhala ili kudoko. Ndikanawauza amadamu, akanafunsa chifukwa chimene ndamvetsera mpaka pamenepo. Kupita kunyumba n'kukawafunsa apongozi kunali kuphwanya lamulo lina lija, ndipo amayi onse amene analola kujambulidwa akanadziwa kuti mawu awo akutuluka. Fayilo ukaitsegula siikulola kutenga ina usanaimalize kapena kuibweza. Ndinayang'ana pakhomo, ndinayang'ana pasikirini, ndipo ndinayamba kutaipa.

Ndinalemba zonse ndi chala changa chimodzicho. Apongozi anakhala Mayi Woyamba. Kulira kwa mwana wanga ndinakuikira chizindikiro cha phokoso, chomwecho chimene timaikira tambala. Nditafika pa dzina langa ndinayamba ndalilemba mmene analitchulira, ndinaliyang'ana pang'ono, kenako ndinalifufuta n'kuikapo DZINA.

Chimene chinandikanika ndi chiganizo chomaliza chija. Kabokosi kankafuna ndisankhe. Ndinachibweza kambirimbiri, ndinachichedwetsa mpaka mawu a apongozi anakhala ngati a bambo. Tsiku lina chinkamveka ngati akundinyoza. Tsiku lina chinkamveka ngati akudandaula kuti m'nyumba mwawo muli munthu amene samudziwa. Ndinachisiya chopanda chizindikiro, ndipo fayiloyo inakhala yosamaliza, ili ndi kadontho kofiira pambali.

"Fayilo imodzi yomweyi mpaka lero?" anafunsa amadamu akudutsa kumbuyo kwanga.

"Muli mphepo yambiri, madamu."

"Zakunyanja zimatero. Limbikirani."

Kunyumba ndinapeza njira imodzi yokha. Apongozi anati mwana akasiya bere. Ndiye ndinaonetsetsa kuti asasiye. Pa nthawi yopuma ndinkathamanga padzuwa mpaka kumathandala, mchenga ukuwotcha m'mapazi, kukamuyamwitsa pamaso pawo. Akafuna phala ndinkayamba ndamupatsa bere. Ndinaonda, mafupa a pakhosi anaonekera.

"Apongozi, mwanayu wakula," anatero tsiku lina akuola usipa. "Mukudzimaliza nokha."

"Akufunabe," ndinayankha nditayang'ana pansi.

Koma sankafunanso. Anali atadziwa kukoma kwa usipa wofutsa ndi mango, ndipo ndikamuika pachifuwa ankayamwa pang'ono, n'kuluma, n'kutsetsereka kuthamangira ana anzake. Ndinkamugwira mwamphamvu, iye akulira, amayi a kumathandala akundiyang'ana. Ndinaimbira foni amuna anga, koma kunali phokoso la injini, ndipo atati, "Kuli bwanji kumeneko, amake mwana?" ndinangoti kuli bwino.

Mlamu anabwera Loweruka lina m'mawa, pa njinga yamoto ya kabaza. Anabweretsa kadiresi kachikasu ndi tinsapato tolira tikaponda. Ndi munthu wabwino, zimenezo sindingabise. Anamunyamula mwana n'kumununkhiza m'khosi nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti maso ake afiira. Wakabaza sanachoke, anakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera ndi foni.

Apongozi anayala mkeka n'kundiitana.

"Apongozi, takhalani apa. Mwanayu akapumeko kwa azakhali ake, aiwale bere, inunso thupi libwerere."

Ndinagwada kumapeto kwa mkeka. M'khutu mwanga munkangomveka chiganizo chija, mochedwa, ndi mawu okoka aja. Ndinali nditachimva kochuluka moti ndinkadziwa pamene amapumira. Akanakhala wokana tikanamumva.

"Ayi, amayi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti nkhuku sinatembenuke n'komwe.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi. Asapite."

Sindinapereke chifukwa, pakuti chifukwa chake sichikanatuluka pakhomo la kachipinda kaja. Mlamu anamutsitsa mwana pang'onopang'ono n'kuyamba kumumanga tinsapato tija, mutu uli pansi. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona mlendo.

"Tamva," anatero. "Mwana ndi wanu. Ndiye muziyenda naye kumakompyuta kwanuko. Ine msana watopa."

Lolemba ndinapita naye kuntchito ali pamsana. Sanakhalitsepo. Anatsika, anakoka chingwe cha mahedifoni, anamenya mabatani ndi manja onse awiri mpaka zilembo zinadzaza m'fayilo ya akazi a mwini bwato. Iwo anaseka n'kuti, "Uyu ndiye akutaipa msanga kuposa amake." Amadamu sanaseke. Ananditengera panja n'kundiuza mofatsa kuti zipangizozo ndi za eni ake, ndipeze womusiyira, ndipo ndikamupeza malo anga ndidzawapeza.

Womusiyira sindinamupeze. Kwathu kulibenso munthu, ndipo pamudzi pano aliyense ndi mbale wa apongozi. Tsopano ndimakhala kumathandala, ine mbali iyi, iwo mbali iyo, tikutembenuza usipa, mwana akuyenda pakati pathu ndi tinsapato take tolira. Timalonjerana mwaulemu monga kale. Sindidziwa ngati mlamu adzabweranso.

Fayilo ija ndinaisiya ndi kadontho kake kofiira. Munthu akasiya kubwera, fayilo yake imapita kwa wotsatira. Akazi a mwini bwato ndimakumana nawo kumjigo. Sananenepo kanthu, iwo amene sasunga nkhani. Kungoti masiku ano akandipeza pamzere, amachotsa ndowa yawo n'kuikapo yanga.